Mabuku Otupa a ku Makhanga

Madzi ataphwa tinawapeza pansi pa kabati,
mabuku makumi anayi ndi atatu,
otupa ngati mapazi a munthu
amene wayenda wapansi kuchoka ku Marka.
Tinawayanika pa malata a tchalitchi
limodzi ndi mapira a anthu ndi ziphaso za kusikelo,
ndipo dzuwa la kuno, losadziwa chisoni,
linawawamba mpaka masamba anapindika
ngati makutu a mbuzi.

Bwana wina anabwera pa galimoto yoyera,
nanyamula limodzi ndi zala ziwiri
monga ananyamulira khoswe wakufa.
Anati: Awa otchani, tikubweretserani atsopano.
Anabweretsadi, sindinama,
onunkhira guluu, ovala pulasitiki.
A hedi anawawerenga kawiri, nasaina,
nawatsekera m'kabati kuti angade.
Kiyi ali m'thumba la jekete
imene amavala pa maliro pokha.

Choncho ife tinatsala ndi otupa aja.

Joakina Alufandika, wa sitandade seveni,
amabwera ndi lumo la bambo ake.
Amalowetsa pakati pa masamba omatana
pang'onopang'ono, lilime lili panja,
ngati akusenda nyika chaka cha njala.
Nthawi zina tsamba limavomera.
Nthawi zina mawu a kumanzere
amatsalira pa tsamba la kumanja, chagada,
ndipo iye amapita nalo pa galasi la njinga yanga
kukawawerenga mobwerera.

Ndinamufunsa: Sizikukunyansa?
Anati: Aphunzitsi, nanga ine madzi sanandipeze?

Ndikanakonda kuthera pamenepa,
ndinene kuti chikuto si kanthu,
kuti mawu ndi mawu ngakhale avale sanza.
Koma tsamba 62 la buku la sayansi
linapita ndi Ruo, silinabwerere,
ndipo funso lachisanu pa mayeso
linachokera pomwepo.
Ana khumi ndi awiri anasiya mpata woyera.
Ndinachonga ndekha, ndikudziwa.

Ndiye pali Zuze.
Zuze sakhudza buku lotupa.
Ndinkayesa ulesi, ndinamukalipira kawiri,
mpaka tsiku lina anandiuza, maso ali pa zenera,
kuti likatseguka limanunkha usiku uja:
matope, palafini, bulangete lonyowa,
iye ali mumtengo wa mtondo
akuwerenga mbuzi zikudutsa pansi pake,
kenaka chinthu china chimene sichinali mbuzi.
Kwa iyeyo ndinakabera kiyi m'jekete muja.
Buku latsopano analinunkhiza kaye nthawi yaitali
asanayang'ane chilembo ngakhale chimodzi.

Pali limodzi ndimalisunga ndekha,
la nthano, lopanda chikuto, lopanda dzina la mlembi.
Mzere wa matope wadutsa tsamba lililonse
pamalo amodzimodzi, kungopitirira pakati,
monga wadutsira pa khoma la kalasi,
pa khoma la chigayo, pa khoma la kwathu.
Pamwamba pa mzerewo mawu ndi oyera.
Pansi pake ndi ofiirira, koma akuwerengeka.
Masamba atatu omaliza chiswe chinamaliza,
ndiye mwana aliyense ali ndi mathero akeake:
kwa Joakina mkazi uja amawoloka,
kwa Fulanki bwato limagubuduzika,
Esinta akuti nkhaniyo sinathe, basi,
ndipo sakufuna kumva za wina.

Mwezi wa Okutobala uno kabati anatsegulidwa
poti kukubwera alendo.
Kutentha kunali kutasungunula guluu.
Mabuku atsopano aja, osawerengedwa n'kamodzi komwe,
anangokhuthuka masamba m'manja mwa a hedi
ngati thonje lochedwa kukolola.

Tinatola tonse, chogwada, osaseka.
Joakina anapempha singano ndi ulusi wa matumba,
nakhala pakhonde kusanja manambala.
Anandifunsa ngati tsamba 62 ili
angalisokerere m'buku lakale lija
kapena alibwezere kwawo.
Mpaka pano sindinamuyankhe.