Fomu ya Achimwene

Achimwene a Muhiwa abwera ndi fomu ya ku polisi,
akuti ndisayine ngati mboni
kuti mutu wawo umayenda bwino, angathe kusunga mfuti.
Kawiri konse mbava zathyola golosale yawo pa Limbuli,
ulendo wachiwiri zinawasiyira chipsera cha chikwanje
kuchokera pakhutu mpaka pachibwano.
"Apolisi anafika dzuwa litakwera," akutero,
"kudzaona magazi atauma kale.
Iwo ali ndi mfuti, mbava zili ndi mfuti,
ine ndizigwira mwala?"

Alamu sakuyankha. Akusenda chinangwa.
Kenaka, osadzutsa mutu:
"Mlonda wa ku esiteti naye anali ndi chilolezo
tsiku lija Fanuwelo ankatola nkhuni m'mabulugamu.
Mpaka lero amayenda chokoka mwendo."

"Ameneyo anali ataledzera."
"Inu simumwa?"

Zii. Chiperoni chatsika m'phiri,
chafufuta mizere ya tiyi.
Pakhonde mwana wawo wa zaka zisanu
waloza nkhuku ndi phesi la chimanga,
akuti phuu! phuu!
Nkhukuyo ikungojompha.

Cholembera chili m'dzanja langa,
chikulemera kuposa khasu.