Mng'alu

Ku mgodi wa miyala wa ku Alpendurada,
kumene mtsinje wa Douro umapinda ngati chigongono,
Anselmo sathamangira nyundo.
Amayamba wagwada, n'kuika chikhatho pathanthwe
ngati kholo lopima mwana wotentha thupi.

Amati mwala uli ndi mitsempha yake.
Unabadwira pansi penipeni, ukuwira,
phiri lonse litaukhalira pamsana
zaka zosawerengeka, uli chete, uli wamphumphu.
Kenako mvula ndi mphepo zinayamba kukukuta phirilo,
kachidutswa lero, kachidutswa mawa,
ndipo mwala, pomva kupepukidwa, unati ndidziwongole.
Pamenepo mpamene unang'aluka,
mng'alu pamwamba pa mng'alu,
ngati makoko a anyezi.

Iye amangolondola njira zimenezo.
Zikhomo zachitsulo zisanu ndi ziwiri pamzere,
nyundo pang'onopang'ono, kenako kudikira.
Thanthwe limayankha kamodzi, chapansipansi: tswa.
Palibe mbali yotsetsereka, palibe yothawa,
kungolekana basi.

Zaka khumi ndi chimodzi anasenza Deolinda,
kuchoka pabedi kupita pampando,
kuchoka pampando kubwerera pabedi,
kumumwetsa msuzi wa kabichi ndi supuni yaing'ono.
Anzake kumgodi ankati, munthu uyu ndi mwala.
Anamuika m'manda mu Malichi. Msozi sunagwe.

Mu Juni, dzuwa likulowa kuseri kwa minda ya mpesa,
akusenda mbatatesi imodzi m'malo mwa ziwiri,
mpeni unangoima.
Anamva mkati mwa chifuwa, chapansipansi,
kaphokoso kaja kamene amakadziwa bwino.