Mahedi Awiri a Chitsulo

Ku Saginaw, Febuluwale amaluma zala.
Chipale chofewa chatseka theka la chitseko cha galaja,
ndipo injini yanga yakhala pa sitandi yopanda mutu,
masilinda eyiti kukamwa yasa
ngati anapiye odikira make.

Zam'munsi ndinamaliza kale:
mapisitoni atsopano, maringi,
kamushafuti yamwano yogula ndi ovataimu ya Khirisimasi.
M'chitini cha khofi mwatsala madola mazana asanu ndi limodzi.
Ndawerenga katatu. Sakuswana.

Thurman Beale, amene wapala zitsulo zaka makumi anayi,
amati injini ndi chifuwa basi.
"Lorna, ikapuma bwino ithamanga.
Ukaipatsa mphuno zothina
idzangokuwa ngati galu womangidwa."

M'buku la mitengo muli mahedi a madola zikwi ziwiri,
njira za mpweya zosalala ngati m'kati mwa chigoba cha dzira.
Tsamba limenelo ndimalitsegula usiku wokhawokha,
kenako ndimalitseka msanga.

Kumapeto kwa bukulo kuli ena a aluminiyamu,
opanda dzina, opepuka, waliwali,
mtengo wake ndendende ndi za m'chitini changa.
Mtima unadumpha.
Koma Wendell Strayhorn wa kuseri kwa mpanda anagula omwewo chilimwe chatha.
Anathamanga Loweruka ziwiri.
Lachitatu lake sipulingi inathyoka, thyo,
valavu n'kupsompsona pisitoni,
galimoto n'kubwera kunyumba pa ngolo, mafuta ali chuchuchu.
Chikomekome cha nkhuyu.

"Chigoba chake si choipa," Thurman anatero, akupukuta magalasi.
"Zoipa ndi zimene anaikamo.
Gula chopanda kanthu, uike mavalavu ako, masipulingi ako,
ndikupalire mipando yake."
Tinawerengera pa katoni ya mabawuti.
Zotchipazo zinatupa mpaka chikwi ndi mazana awiri.

Ndiye Lamlungu ndinapita kwa Gorski,
kumene magalimoto akufa amagona m'mizere,
aliyense ndi chipewa chake choyera.
Pikapu yobiriwira, yophwanyika kumbuyo, kutsogolo ili bwinobwino.
Maola atatu ndili chiweramire,
bawuti imodzi inakana mpaka ndinaitukwana ndi dzina la mwamuna wanga wakale.
Inamasuka.
Mahedi awiri a chitsulo, bii ndi mwaye,
olemera ngati ngongole.
Madola zana ndi makumi asanu ndi atatu.

Thurman anawaika pa maginito, nawaza ufa wachitsulo.
Loyamba, zii.
Lachiwiri, ufa unasonkhana pakati pa mavalavu awiri,
kamzere kopyapyala ngati tsitsi limodzi.
Mng'alu.
Sanalankhule. Anangondipatsa tochi kuti ndione ndekha.

Ndinabwerera kwa Gorski m'mawa mwake,
nsapato zisanaume.
Anandisinthira, koma anandilipiritsa makumi awiri
chifukwa cha nkhope yanga yokwiya, iye anatero.

Sabata zitatu ndakhala ndi kagirayinda m'manja,
kusalaza mokhota mpweya,
pang'onopang'ono, poopa kuboola njira ya madzi.
Fumbi lachitsulo m'mphuno, m'makutu, m'masangweji.
Masipulingi ndinagula abwino. Pamenepo sindinanyengerere.
M'chitini mwatsala madola khumi ndi anayi
ndi wochapira mmodzi wosadziwika kwawo.

Ndikudziwa, chitsulo chidzalemetsa mphuno ya galimoto.
Ndikudziwa, mwana wa a Vandermolen ndi mahedi ake a zikwi ziwiri
adzandisiya ndikununkhiza utsi wake.
Asiye.
Ake anabwera m'bokosi.
Anga ndikudziwa ngodya iliyonse ndi chala.

Usiku uno ndayala gasiketi,
ndatsitsa hedi loyamba ndi manja awiri, msana ukudandaula.
Mabawuti ndikumanga kuyambira pakati kupita kunja,
monga Thurman anandiphunzitsira,
sipana ikuti tcha, tcha,
hita ya palafini ikutsokomola pakona.
Bwalo la mpikisano litsegulidwa mu Epulo.
Injini sinapumebe ngakhale kamodzi,
koma ndaika khutu pa chitsulo chozizira,
ngati wopusa,
kumvetsera.