Madontho Atatu

Ku Kuressaare, m'nyumba yosungira zakale,
amandiveka magolovesi oyera ndisanakhudze pepala,
ngati ndine amene ndingalidetse.
Mndandanda wa mu Malichi, 1949. Mzere wachitatu kuchokera pansi:
Endel, zaka zisanu ndi ziwiri.
Makina otayipira anali ndi chilembo chothyoka mwendo,
choncho dzina la malume anga
likutsimphina pamzerepo mpaka lero.

Mayi ankangoti anali wachifuwa
ndiponso ankaopa atsekwe.
Basi. Zaka makumi asanu, ziganizo ziwiri.
Iwo anatsala chifukwa usiku wa asilikali uja
anagona kwa azakhali, kutsidya kwa dambo, akudwala chikuku.

Ndiye ine ndimalembera ana.
Pomwe kaundula wathera, ndimatola zimene anthu a pachisumbu pano
ankanong'onezana m'makola nyengo ya chipale:
akuti ukamanga pamodzi tsache lakutha, mpini wa fosholo,
udzu wouma ndi mphika wobooka,
n'kupita pamphambano Lachinayi usiku
kukapereka madontho atatu a magazi,
chinthucho chimadzuka. Timachitcha kirati.
Chimauluka ndi mchira wamoto kukakubera tirigu wa eni.
Koma usachisowetse ntchito.
Chikangokhala, chimakupotokola khosi.

M'buku langa, mtsikana wachikuku uja amamanga wake.
Fosholo alibe, amatenga nkhafi yong'ambika.
Mutu wake, ketulo.
Ndipo samutuma tirigu.
Amati: Pita, ukanditengere mlongo wanga.

Mkonzi wa ku Tallinn anandiimbira foni.
Virve, mabogi a ng'ombe m'buku la ana a zaka zisanu ndi zinayi?
Ndinati, amene anali m'bogimo anali ndi zisanu ndi ziwiri.
Tonse tinangoti zii.
Kenaka anapempha kuti ndichepetseko kuzizira.
Ndinachotsa tsamba limodzi.
Ndinawonjezamo atsekwe.

Kirati amatsata njanji kum'mawa, kum'mawa,
udzu wa m'mimba mwake ukuyoyoka pa nkhalango.
Mtundawo ndinauyeza ndi ulusi pamapu,
ulusi n'kutha mapu asanathe.
Amabwerako ndi nsapato imodzi. Mtsikana amamutumanso.
Amabwerako ndi batani la jekete. Amamutumanso.
Ulendo wachitatu amabwera ndi chifuwa chokha,
chikutsokomola m'ketulo,
ndipo apa ndinasiya kulemba miyezi itatu
n'kumakonza mpanda wamiyala
womwe sunagwe.

Ena amati ndimasakaniza zoona ndi zabodza.
Sindikana. Koma pepala lija lili ndi chidindo,
lili ndi siginecha,
ndipo silidziwa kanthu za atsekwe.

Dzulo kusukulu ya ku Kihelkonna
ana anakhala pansi, masokosi ali nyowee,
majasi akudontha pa misomali.
Kamnyamata kogweluka mano, Ülo,
sikanafunse ngati kirati alikodi.
Ana safunsa zopepera.
Kanati: Nanga magazi aja anali a ndani?
A mtsikanayo, ndinayankha.
Ayi, kanatero, oti bukuli lidzuke.

Ndinayang'ana chala changa chapakati,
pomwe cholembera chinaumitsa khungu.
Aphunzitsi anayang'ana wotchi.
Mtsikana wina kumbuyo ankafuna kudziwa
ngati atsekwe amalumadi,
ndipo ndinamuthokoza mumtima.
Amaluma, mwanawe. Amasiya chipsera.

Ndabwerera pa basi ya folo koloko, kunja kutada kale.
Ndasonkha moto, ndadula buledi wakuda,
sindinamudye.
Mayi anapita osawerenga mutu womaliza,
ndipo sindikuuzani ngati Endel amafika kwawo;
pitani mukabwereke bukulo, lili ndi chikuto chobiriwira.

Chomwe ndinganene n'chakuti
chinthu ndinamanga chija sichinagone.
Ndikuchimva pakhonde, nkhafi ikukhula matabwa,
ketulo yapendekeka, ikuyang'ana pazenera.
Ntchito yatha, chikufuna ina.
Pamndandanda paja, pamwamba pa Endel,
pali Aino, miyezi khumi.