Magazi Akuthamanga

Adandimanga mkono ndi lamba wopopa
namwino wa ku Mapale, nayang'ana manambala,
nati, "Bambo Chavula, magazi anu akuthamanga."
Ndidaseka. Zaka makumi awiri pampando umodzi
kuwerenga ndalama za eni,
ndiye kuti m'thupi lonseli
chotsala chothamanga ndi magazi okha.
"Apikisaneni," adatero. "Muziyenda. Mukatha, muzithamanga."

Ndiye ndi pano, faifi koloko isanakwane,
kuseri kwa mpanda womaliza wa ku Kaning'ina
komwe njerwa zimathera, agalu a eni n'kuleka kuuwa.
Nsapato ndabwereka za mwana wanga Gomezgani,
zikundiluma chala chachikulu.
Nkhungu yakhala pansi ngati nayonso yatopa.
Kanjira katsetsereka pakati pa mapaini,
masamba ake onga singano akuterera kumapazi,
kenako misuku, kenako katope woviika mizu m'madzi,
ndipo Lunyangwa ndimayamba kumumva ndisanamuone,
akudziyankhulira yekha pansi pa miyala.

Sabata yoyamba ndidangoyenda.
Ndidadziwana ndi muzu wokonda kupunthwitsa anthu,
ndidaphunzira kulumpha linthumbu osalipatsa moni.
Sabata yachitatu ndidati ndiyese,
kuchokera pa kamlatho ka matabwa atatu
kukafika pa bulugamu wogwa uja.
Chifuwa chidayaka ngati mbaula yokupizidwa,
m'kamwa ngati ndavumata ndalama yachitsulo,
ndidakumbatira mtengo
ngati m'bale wobwera kuchokera ku Joni.

Ndi pomwe adandipeza NyaKaonga,
mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumsana,
patapata wina womangidwa ndi waya.
"Mwawuka uli, adada? Akukuthamangitsani ndani?"
Ndidati palibe.
Adasuzumira kumbuyo kwanga kuti atsimikize,
naseka ndi maso okha, poti khosi linali pa ntchito.
"Ife timathamanga akationa a zankhalango."
Adadutsa. Sadathamange ayi,
koma pofika pa tsinde la nsungwi
anali atandisiya ndikupempha mpweya.

Tsopano ndi mwezi wachinayi.
Anyamata awiri a ku Luwinga amandipitirira ngati mphepo,
tinyimbo tili m'makutu, osamva mtsinje.
Pali mayi wa jekete yofiira, sitidziwana mayina,
timangokwezerana dzanja pa malo amodzimodzi,
ndipo tsiku lomwe sadabwere
ndidatembenuka kawiri.
Pali wa makala amene amatsika ndi njinga yopanda mabuleki,
phazi lili pa tayala, akukuwa kuti tipatuke.

Ntchito sichoka m'mutu: ndimawerenga.
Mu Juni zitsa zinali khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
dzulo ndapeza makumi awiri ndi zitatu,
china chikadali kulira utomoni.
Ndidakwiya mpaka pa kamlatho,
kenako ndidakumbukira nyemba za usiku wathawu
ndi thumba lili kukhitchini kwanga
lomwe sindidafunse kwawo.

Lero mawawa akugwa cham'mbali,
dothi lofiira likukakamira kuzidendene.
Ndapitirira bulugamu uja osamukumbatira.
Ndapitirira nsungwi.
Penapake pamenepo miyendo yasiya kundifunsa,
mpweya wapeza kanjira kake,
kulowa kawiri, kutuluka kawiri,
mtsinje uli kumanzere, tikutsika limodzi,
wina osadikira mnzake.
Sindikudziwa kuti zatenga mphindi zingati.
Ine, wowerenga, sindidawerenge.

Ndaima pomwe madzi amazungulira mwala wakuda,
ndasamba kumaso, zala zachita dzanzi.
Ndaika dzanja pakhosi kuti ndiwamve:
akuthamangabe, inde,
koma lero ali ndi chifukwa.

Pokwera chitunda ndikuyenda.
Kumtunda akabaza ayamba kuliza mabelu,
ana a yunifolomu akupumira nthunzi m'manja,
ndipo Gomezgani waima pageti, sokosi zokha kumapazi,
akuyang'ana matope ali pa nsapato zake.
"Adadi, mugule zanu."
Ndamuuza kuti mwezi ukatha.