Mpando wa Anthu Awiri

Disembala wangolowa kumene.
Chipale chofewa chagwa usiku, koma chagwa mwaumbombo,
ngati mchere wowaza munthu wouma manja.
Nsonga za udzu zikusuzumirabe,
miyala yaonetsa misana pansi pa mitengo ya paini.
Phiri lathu lili ndi njira zinayi. Yotsegula ndi imodzi,
kansalu koyera kopapatiza
kamene Matevž wachezera usiku akupopera ndi makina,
maso ali psuu, ndevu zitauma gwaa.

Ine ntchito yanga n'kuima pano
pamene chingwe chimatembenukira,
kugwira mpando uliwonse usanamenye munthu kumiyendo.
Mipando ilipo makumi anayi ndi isanu ndi iwiri.
Wa nambala 19 umalira ngati chitseko chakale,
ndimaudziwa usanafike.

Mzere wayambira pamapazi anga,
wadutsa kanyumba ka tiyi ka Urška,
wakhota pachimbudzi,
mchira wake uli kumagalimoto uko, m'matope.
Ena achokera ku Kranj mbandakucha
kudzaima theka la ola
pofuna mphindi zitatu zotsetsereka.
Akupondaponda, akuuzira m'magolovesi,
mpweya wawo ukukwera ngati utsi wa nkhuni zaziwisi.
Bambo wina akuwerengera mokweza mtengo wa tikiti,
mkazi wake akuyang'ana kumwamba kopanda kanthu.

Lamulo la tsiku lotere ndi limodzi:
mpando usakwere ndi malo.

Ndiye afika a Alojz,
matabwa awo otsetserekera ndi akale kuposa ine,
chipewa chofiira chomwe chija.
Zaka zitatu tsopano amakwera okha,
dzanja lamanja litagona pa malo opanda munthu
pamene mayi Zdenka ankakhala.
Tonse timadziwa. Palibe amene amanena.

Koma lero mzere ukung'ung'udza kumbuyo,
ndipo pambali pali kamtsikana, Tjaša,
mphuno ili chuu, chisoti chitakula kuposa mutu,
anzake a m'kalasi atamusiya.
Ndikuti, "Bambo Alojz, lero muli awiri."
Akundiyang'ana nthawi yaitali.
Mpando wopanda munthu wadutsa. Wina wadutsanso.
Kumbuyo munthu waimba mluzu.
Kenaka akusendera kumanzere, pang'ono chabe,
ngati munthu wopatsa malo mlendo pa benchi ya m'tchalitchi.

Wawanyamula ndi nambala 19.

Ali pakati, pamwamba pa mtsinje wosauma bwino,
chingwe chaima. Zii.
Fyuzi ija, ya chaka chilichonse.
Ndikuthamanga ndi sipanala, zala zakana kupinda,
mzere wonse wasanduka akatswiri a magetsi.
Ndikakweza maso ndikuona madontho awiri akulendewera,
lofiira ndi lobiriwira,
ndipo dzanja lalikulu likuloza uku, likuloza uko:
mwina denga la sukulu, mwina nyumba yawo,
mwina manda a kuseri kwa tchalitchi.
Sindikumva kanthu. Mphepo yatenga mawu onse.

Mphindi khumi ndi ziwiri. Injini yatsokomola, yadzuka.

Atsika mochedwa kuposa aliyense,
nkhalamba patsogolo ikulambalala miyala,
mwana m'mapazi mwake, miyendo ili tang'a,
kugwa kawiri, kudzuka kawiri.
Pansi njira yayamba kale kuda,
dothi likutuluka pamene anthu amakhotera.
Wailesi ya Urška ikuti Lachinayi kugwa mvula,
osati chipale, mvula yeniyeni yotsuka phiri.
Matevž watukwana, wapita kukagona.

Awiri aja abwereranso kumchira kwa mzere, kumatope kuja.
Theka la ola lina.
Atafika pa ine, ndisanatsegule pakamwa,
Tjaša wakweza zala ziwiri m'golovesi yonyowa.
A Alojz akuyang'ana kumbali,
akukonza chipewa chimene sichinapendeke.