Doko M'katoni ya Sopo

Ndinawagula pa sikelo ngati nyemba,
tsiku lomwe ana a malemu Ratilal ankasesa sitolo
ku Bwalo la Njobvu:
mabuku khumi ndi anayi m'katoni ya sopo,
onse onena za mzinda umodzi, Mumbai,
ena akuutchulabe dzina lakale.
Ankanunkha nsalu zatsopano ndi mankhwala a njenjete.

Ndinawayala pakhonde, pakati pa masamu a Fomu 2
ndi timabuku ta mapemphero.
Miyezi itatu, wofunsa mtengo osaoneka.
Mphunzitsi wina anatsegula limodzi,
nati, "Izi sizibwera pa mayeso."

Mvula ya Januwale itanditsekera pansi pa malata
ndinayamba kuwawerenga ndekha,
ine amene nyanja yamchere ndimangoimva mbiri.
Akuti kunali zilumba zisanu ndi ziwiri,
anthu nathira miyala ndi dothi pakati pake
mpaka madzi anachita manyazi n'kubwerera m'mbuyo.
Ndinadzutsa mutu. Mtsinje wa Lilongwe unali utakwiya,
ukunyambita timilatho tamitengo ta kumsika wa Tsoka.

Buku lina ndi la thonje lokhalokha:
utsi wa mafakitale, belu la m'bandakucha,
amuna ogona mosinthana pamphasa imodzi,
uyu akadzuka, mnzake agona pofunda pomwepo.
Apa sindinafune womasulira.
Mlamu wanga Chikaiko amagona chomwecho ku Mgona
msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo.

Lina likusimba za onyamula nkhomaliro m'zitini,
kuchoka kukhitchini, kukwera sitima, kukafika ku ofesi,
chitini osasochera.
Ndinamuwerengera kondakitala wa minibasi ya ku Likuni.
Anaseka mpaka kutsokomola:
"Ife timaiwala munthu wathunthu pasiteji."

M'mphepete mwa masamba muli zolemba za pensulo,
zilembo zokhota ngati mbedza
zimene maso anga sangakole nazo kanthu.
Pa mapu a doko pali kadontho kozunguliridwa kawiri,
ndipo pepala laonda pomwe chala chinkapumira.
Zaka makumi anayi bamboyu ankayeza nsalu ndi mita yamkuwa,
"ngongole mawa" ali pakamwa,
ife n'kumati mtima wake uli m'kabati ya ndalama.
Ndani ankadziwa kuti akatseka zitseko
ankapita kwawo pa chala chimodzi?

Mdzukulu wake Hetal anadutsa Lachinayi,
makiyi a galimoto akulira m'manja.
Ndinamuitana, ndinamutsegulira tsambalo.
Anayang'ana zilembozo nthawi yaitali.
"Inenso sindizitha, achimwene.
Mchombo wanga unakwiriridwa konkuno."
Kenaka, motsitsa mawu, "Kodi akuti kumeneko n'kotani?"
Ndiye ine wa ku Mtandire,
wopanda ngakhale pasipoti,
ndinamufotokozera za sitima zodzaza mpaka pakhomo,
za asodzi amene analipo mzinda usanabwere,
za mvula yogwa miyezi inayi osapepesa.
Anajambula kadontho kaja pa foni,
nandisiyira ya minibasi.
Buku sanatenge. Akuti kunyumba kulibe malo.

Lendi sadziwa mbiri ya mizinda.
Lalikulu kuposa onse ndinagulitsa kwa Nangozo,
mayi wokazinga mtedza pakona,
amene analiyeza m'manja osalitsegula.
Dzulo wandikulungira wa mahandiredi awiri
m'tsamba lokhala ndi sitima yapamadzi,
mchere utamatirira pa zingwe zake.
Ndinaulawa. Ndinati, kapena nyanjayo imakoma chonchi.

Atsala asanu ndi anayi.
La mapu lija sindiliyalanso pakhonde.
Lili kunyumba, pamwamba pa kabati pomwe sipadontha,
ndipo mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 5,
wapeza kale kadontho kaja.
Amaikapo chala chake chamafuta
n'kumafunsa kuti basi yake imakwerekera kuti.